Poinsettia: Duwa la Khirisimasi Limene Kwathu Kuno Limafiira mu Juni

Mau oyamba

Aliyense amene anayendapo m'dera la Mfumu Yaikulu Mphuka ndi madera ena a boma la Thyolo m'miyezi yozizira, chiperoni chitakuta minda ya tiyi, anaonapo chitsamba chachitali chimene nsonga zake zimafiira psuu ngati makala a moto. Chimapezeka pakhomo pa anthu, m'mbali mwa matchalitchi ndi sukulu, ndiponso m'mabwalo a nyumba za m'maesiteti. Dzina lake ndi poinsettia. Ku Ulaya ndi ku America limadziwika kuti ndi duwa la Khirisimasi, ndipo mu Disembala anthu amaligula m'miphika kuti akongoletsere nyumba ndi matchalitchi, kapena kuti apatse abale ndi abwenzi.

Chodabwitsa ndi chakuti kwathu kuno duwali limakhala lobiriwira pa Khirisimasi. Ambiri amene amalibzala ndi cholinga cha chikondwererochi amakhumudwa. Ena amaganiza kuti ladwala, nawonjezera feteleza, ena amalizula kumene. Komatu duwalo silinalakwe. Likungotsata lamulo la chilengedwe chake, ndipo amene walimvetsa lamuloli angathe kusankha: kulilola lifiire pa nthawi yake, kapena kulithandiza kuti lifiire pa Khirisimasi.

Kodi ndi duwa lotani?

Akatswiri a zomera amalitcha Euphorbia pulcherrima, ndipo liwu lachiwirilo pa Chilatini limatanthauza chokongola koposa. Lili m'banja limodzi ndi zomera zimene timazidziwa bwino: chinangwa, nsatsi ndi nkhadze. Ubale wake ndi nkhadze umaoneka mukathyola tsamba kapena nthambi, pakuti pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka.

Zimene anthu amaziyesa maluwa ofiira si maluwa ayi, koma ndi masamba amene asintha mtundu. Maluwa enieni ndi timibulu tating'ono tachikasu timene timakhala pakati pa masamba ofiirawo. Ntchito ya masambawo ndi kukopa tizilombo ndi mbalame kuti zifike pa timaluwato. Masiku ano iliponso mitundu ya masamba oyera, apinki ndi amawangamawanga, koma wofala kwambiri ndi wofiira. Likabzalidwa pansi m'dera losagwa chisanu chowononga mbewu, limakula kufika mamita 3 kapena 4. Timaluwa tatifupi togulitsidwa m'miphika ndi chomera chomwechi, kungoti alimi ake amachiletsa kutalika.

Kumene linachokera

Kwawo kwa poinsettia ndi ku Mexico ndi ku Guatemala, kumene limamera lokha m'nkhalango za m'mapiri. Anthu a mtundu wa Aztec ankalitcha cuetlaxochitl. Masamba ofiirawo ankapangira utoto, ndipo utomoni ankaugwiritsa ntchito ngati mankhwala a kutentha kwa thupi.

M'zaka za m'ma 1600, amishonale a chipani cha Fransisko Woyera amene ankatumikira ku Taxco, m'dziko la Mexico, anayamba kuligwiritsa ntchito pa miyambo yokumbukira kubadwa kwa Ambuye, chifukwa kumeneko limafiira mu Disembala. Anthu a dzikolo amalitcha Flor de Nochebuena, kutanthauza duwa la usiku woyera wa Khirisimasi. Ilipo nthano imene amawauza ana, ya kamtsikana kosauka kamene kanalibe mphatso yopereka kwa Yesu wakhanda. Kanatola zitsamba za m'mbali mwa njira n'kukaziika pakhola m'tchalitchi, ndipo zitsambazo zinasanduka zofiira. Iyi ndi nthano chabe, koma phunziro lake ndi lofanana ndi la mayi wamasiye wa mu Uthenga Wabwino amene anapereka timakobiri tiwiri.

Dzina lakuti poinsettia linachokera kwa Joel Roberts Poinsett, kazembe woyamba wa dziko la America ku Mexico, amene anatumiza zomerazi kwawo cha m'ma 1828. Mu 1829 duwali linaonetsedwa pa chionetsero cha maluwa ku Philadelphia. Poinsett anamwalira pa 12 Disembala 1851, ndipo ku America tsikuli limakumbukiridwa ngati tsiku la duwali. Ndi tsiku lomwelinso pamene Eklezia amachita chaka cha Amayi Maria a ku Guadalupe, nkhoswe ya anthu a ku Mexico.

Amene analisandutsa malonda aakulu ndi banja la Ecke la ku California. Paul Ecke anasamutsira munda wake ku Encinitas mu 1923, ndipo kuyambira m'ma 1960 mwana wake Paul Ecke Jr. analimbikitsa kulima duwali m'miphika ndi kulilengeza pa wailesi ya kanema nyengo ya Khirisimasi. Lero gawo lalikulu la timitengo timene alimi a ku Ulaya amabzala timachokera ku Africa kuno, m'minda ya ku Ethiopia, Uganda ndi Kenya, ndipo timapita pa ndege.

Chifukwa chake limafiira mu Juni

Poinsettia silidziwa kalendala. Limayesa kutalika kwa usiku. Mu 1920 akatswiri awiri a ku America, Garner ndi Allard, pofufuza fodya ndi soya anapeza kuti zomera zina zimayamba maluwa pokhapokha usana ukafupika ndipo usiku ukatalika. Poinsettia ndi chimodzi mwa zomera zotere. Limafuna mdima wosadukiza wa maola pafupifupi 12 kapena kuposerapo, usiku uliwonse, kwa masabata angapo, kuti liyambe maluwa ndi kufiira.

Mexico, America ndi Ulaya zili kumpoto kwa mzere wa ikweta, kumene usiku umatalika kuyambira kumapeto kwa Seputembala, kotero duwali limafiira pofika Disembala. Thyolo ili kum'mwera kwa mzerewo, pa madigiri pafupifupi 16, ndipo nyengo zathu ndi zosemphana ndi zawo. Mu Disembala usana wathu umafika maola 13 ndipo usiku umatsala maola 11 okha. Mu Juni zimatembenuka: usana umakhala maola 11 ndipo usiku pafupifupi 13. Motero poinsettia wa ku Mphuka amayamba kukonzekera maluwa kumapeto kwa Malichi, amaonetsa kufiira mu Meyi, ndipo amakongola kwambiri mu Juni ndi Julayi.

Lamulo lomweli limafotokoza chinthu china. Chitsamba chobzalidwa pafupi ndi babu la magetsi loyaka usiku wonse chimachedwa kufiira, kapena chimafiira mbali imodzi yokha, ngakhale m'mwezi wa Juni. Kuwala kwa mwezi sikulisokoneza, koma nyali ya pakhonde imalisokoneza.

Kabzalidwe kake

Anthu a ku Thyolo sasowa mphunzitsi pa nkhaniyi, pakuti poinsettia amafalitsidwa monga mmene amachitira ndi tiyi ku nazale: amadula kanthambi n'kukazika m'dothi. Nthawi yabwino ndi Ogasiti ndi Seputembala, pamene masamba ofiira ayoyoka, kapenanso m'miyezi ya mvula pamene mphukira zili zanthete.

Sankhani nthambi yathanzi, yonenepa ngati pensulo kapena chala. Idulenidule timitengo totalika masentimita 20 mpaka 25, kalikonse kokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Chotsani masamba a m'munsi, ndipo siyani timitengoto pamthunzi kwa maola angapo kuti utomoni uume. Kenaka zikani theka la kamtengo kalikonse m'chubu kapena m'chitini, osatembenuza: mbali imene inali pansi ikhalebe pansi. Ikani pamthunzi wowala ndipo thirirani pang'onopang'ono. Mizu imatuluka patapita masabata 3 mpaka 6, malinga ndi kutentha kwa nyengo.

Dothi likhale lotayirira, losasunga madzi. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda la pamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana bwino, ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje. Dothi lofiira la m'madera a tiyi lili ndi asidi wambiri, amene tiyi amamukonda koma poinsettia amamufuna wochepa. Kaphulusa kodzaza dzanja limodzi pa ndowa ya dothi kamathandiza. Mphika wadothi, chidebe chakale kapena chitini cha penti zonse ndi zabwino, malinga zikhale zoboola pansi.

Duwali limafuna dzuwa la maola 6 pa tsiku, makamaka la m'mawa, ndi malo obisika ku mphepo, chifukwa nthambi zake sizichedwa kuthyoka. Pothirira, pisani chala m'dothi: ngati pamwamba pauma, thirirani mpaka madzi atulukire pansi, ngati pali chinyontho, dikirani. Poinsettia ambiri a m'miphika amafa ndi madzi ochuluka, osati ndi ludzu. Pa nthawi yokula mungathe kuthira feteleza pang'ono kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, kapena kuwonjezera manyowa pamwamba.

Kuti chitsamba chisatalike ngati nsungwi, tsinani nsonga. Mphukira ikafika masamba 6 kapena 7, chotsani kansonga kake, monga amachitira wothyola tiyi. Pamalo pa nsonga imodzi padzatuluka nthambi zingapo, ndipo nthambi iliyonse idzakhala ndi mutu wake wofiira. Kwa chitsamba cha pabwalo, lekani kutsina kumayambiriro kwa Malichi. Chikamaliza maluwa mu Ogasiti, chidulireni motsitsa, monganso tchire la tiyi limaduliridwa m'chilimwe kuti liphuke mwamphamvu.

Kulifiiritsa pa Khirisimasi

Amene akufuna duwa lofiira pa 25 Disembala ayenera kulipangira usiku wautali umene dziko lathu silipereka m'miyezi imeneyo. Izi zimatheka ndi duwa la mumphika lokha, ndipo ndi bwino kugwiritsa ntchito limene lakwanitsa chaka, la mizu yokhwima. Ntchito yake imayenda motere.

Kumapeto kwa Ogasiti, dulirani duwalo kuti litsale masentimita 15 mpaka 20, ndipo lisinthireni dothi latsopano. Mu Seputembala lidzaphuka. Lithirireni ndi kulidyetsa. Kumapeto kwa mweziwo tsinani nsonga komaliza.

Kuyambira pakati pa Okutobala, lipatseni mdima wa maola 14 tsiku lililonse. Nthawi ya 5 koloko madzulo lilowetseni m'chipinda chamdima, kapena livundikireni ndi katoni yaikulu yopanda mabowo. Nthawi ya 7 koloko m'mawa litulutseni kuti lilandire dzuwa, pakuti kufiira kwenikweni kumafunanso kuwala kokwanira masana. Chitani zimenezi kwa masabata 8 mpaka 10. Kuyambira pa 16 Okutobala kufika pa Khirisimasi ndi masabata 10 ndendende.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Choyamba, mdima usadukize. Kutsegula chitseko cha chipinda chowala, kuyatsa tochi, kapena kuiwala masiku angapo kumabweza ntchito m'mbuyo. Chachiwiri, Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yotentha koposa m'dziko lathu, ndipo usiku wotentha umachedwetsa maluwa. Duwali limakonda usiku wa madigiri 16 mpaka 21. Pamenepa madera okwera a Thyolo ali ndi mwayi kuposa chigwa cha Shire, komabe musalivundikire ndi pulasitiki wakuda dzuwa likadali lamphamvu, kuopa kuliphika. Chachitatu, mvula yamphamvu ya Disembala imathyola masamba ndi kuwoletsa mizu, choncho mphika ukhale pakhonde.

Masamba a kunsonga amayamba kusintha patapita masabata 4 kapena 5. Akafiira bwino ndipo timaluwa tachikasu taonekera, kuvundikira kungaleke. Duwa losamalidwa bwino limakhalabe lofiira mpaka chaka cha Epifania ndi kupitirira.

Tizilombo, matenda ndi nkhani ya utomoni

Mdani wamkulu wa poinsettia ndi tintchentche toyera timene timabisala kunsi kwa masamba n'kumayamwa madzi ake. Ndi mtundu womwewo umene umafalitsa matenda opiringiza masamba a chinangwa. Palinso tizilombo tofanana ndi kodikodi, tooneka ngati thonje m'mphanda za nthambi. Yang'anani kunsi kwa masamba sabata iliyonse, ndipo mukaona tizilomboti tsukani ndi madzi a sopo pang'ono, madzulo. Masamba akamasanduka achikasu n'kumayoyoka dothi lili lonyowa, ndiye kuti mizu yayamba kuwola. Lekani kuthirira ndipo onani ngati mabowo a pansi sanatsekeke.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti poinsettia ndi poizoni wakupha. Mphekeserayi inayamba ku Hawaii mu 1919 ndipo sinatsimikizidwepo. Kafukufuku wa pa Ohio State University mu 1971 anapeza kuti makoswe amene anadyetsedwa masamba ambiri sanafe. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 1996 anaunika nkhani 22,793 za anthu amene anadya kapena kukhudza chomerachi ku America, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anamwalira. Komabe si ndiwo. Mwana akatafuna masamba angathe kuchita nseru, kusanza kapena kutsegula m'mimba. Utomoni umayabwa pakhungu ndipo umapweteka m'maso, ngakhale suli woopsa ngati wa nkhadze. Sambani m'manja mukatha kudulira. Utomoni ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri, ndipo ululu ukapitirira pitani kuchipatala.

Poinsettia m'tchalitchi

Amene amakongoletsa tchalitchi akumbukire malangizo a buku la Misa. Pa nyengo ya Adiventi maluwa akhale ochepa, kuti chimwemwe chonse cha Khirisimasi chisayambe nthawi isanakwane. Pa Lenti guwa silikongoletsedwa ndi maluwa, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a zaka zazikulu. Ndipo nthawi zonse maluwa aikidwe mozungulira guwa, osati pamwamba pake. Choncho miphika ya poinsettia yofiiritsidwa idikire mpaka madzulo a pa 24 Disembala, ndipo malo ake abwino ndi patsinde pa guwa ndi pafupi ndi khola.

Koma sitiyenera kudandaula kuti kwathu duwali limaphonya Khirisimasi, pakuti limafika pa nthawi ina yoyenera. Miyezi ya Meyi ndi Juni ndi imene ansembe amavala zofiira kawirikawiri: pa Pentekoste, imene imagwa pakati pa 10 Meyi ndi 13 Juni, pa chaka cha Amaritiri a ku Uganda, pa 3 Juni, ndi pa chaka cha Petulo ndi Paulo Oyera, pa 29 Juni. Masiku amenewa chitsamba cha kuseri kwa tchalitchi chimapereka maluwa ofiira popanda katoni kapena ndalama. Podula nthambi zoika m'botolo, viikani kodulako m'madzi otentha kwa masekondi 20 mpaka 30, kapena kawambeni pang'ono pa lawi la kandulo, kuti utomoni uleke kutuluka. Mukapanda kutero nthambiyo imafota tsiku lomwelo.

Kupereka duwali ngati mphatso

Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malawi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'maesiteti. Banja la ku Mphuka silingapatule mzere wa chimanga kuti libzalepo maluwa. Ubwino wa poinsettia ndi wakuti safuna munda: chitini chimodzi pakhonde n'chokwanira, ndipo mbewu yake imapemphedwa kwa mnansi. Komanso Disembala ndi mwezi wovuta. Ndalama zapita ku feteleza, nkhokwe zatsika, sukulu ikudikira mu Januwale. Mphatso yolimidwa pakhomo imachotsa manyazi a wofika chimanjamanja.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kupereka duwa lofiira kale, limene mwalivundikira masabata 10. Sankhani la masamba obiriwira mpaka pansi, ndiponso limene timaluwa take tachikasu sitinayoyoke, chifukwa limenelo lidzakhalitsa. Ponyamula, likulungeni ndi nyuzipepala kuti masamba asathyoke pa njinga kapena m'minibasi, ndipo mukafika livundukuleni msanga. Muuzeni wolandirayo kuti aliike powala, asalithirire mopitirira, ndiponso kuti asadabwe likadzabwerera ku mtundu wobiriwira.

Njira yachiwiri ndi yosavuta, ndipo ndi yoyenera amene m'miyezi imeneyi amalawirira kumunda kapena kukathyola tiyi, osatha kusunga nthawi ya kuvundikira. Zikani timitengo mu Seputembala, ndipo pa Khirisimasi perekani kamtengo kobiriwira ka mizu yake. Wolandirayo akabzale pansi mvula ikugwa, kutali ndi nyali ya usiku. Kadzakula m'dzinja monse, ndipo pofika Juni kadzafiira kokha. Mphatso yotere imakhala zaka zambiri, ndipo nayonso imabala timitengo topatsa ena. Paja akuluakulu amati kupatsa n'kuika.

Miphakati ndi magulu a m'parishi angathe kuchita zimenezi pamodzi. Nazale yaing'ono ya machubu 30 kapena 40 kuseri kwa tchalitchi ingakwanire agogo, odwala ndi amasiye a m'mudzi. Koma duwa lisalowe m'malo mwa ufa, mchere ndi sopo pamene zikusoweka. Lipite pamodzi ndi zimenezo, ndipo wolipereka akhale pansi ndi kucheza.

Pomaliza

Mwachidule, kalendala ya mlimi wa poinsettia ku Mphuka ndi iyi. Ogasiti ndi Seputembala: kudulira ndi kuzika timitengo. Pakati pa Okutobala mpaka Disembala: kuvundikira maola 14 kwa amene akufuna lofiira pa Khirisimasi. Disembala ndi Januwale: kupatsana ndi kubzala pansi. Kumayambiriro kwa Malichi: kuleka kutsina nsonga. Meyi mpaka Julayi: kufiira kwachilengedwe.

Amene ali ndi chitsamba pakhomo achiyang'ane bwino Ogasiti akubwerayu. Nthambi zimene akanazitaya kudzala zikwanira mphatso za mabanja khumi.